A Faida Anakana Kudula Ndime

A Faida a ku Chigumula amagulitsa kaunjika ku Limbe, pafupi ndi siteji ya maminibasi. Pakamwa pawo ndi lumo, makasitomala amadziwa. Ali mtsikana, nthawi ya chipani chimodzi ija, anakana kukavina pamsonkhano, ati miyendo ndi yawo. Anakhalira zimenezo m'ndende zaka ziwiri.

M'chipinda mwawo munali amayi seveni. Pepala kunalibe, pensulo kunalibe, ndiye ndakatulo anaipeka akulima kumunda wa ndende: khasu likagwa pansi, liwu ligwenso. Mayi aliyense anali ndi ndime yake, koma ndime zonse zimatha chimodzimodzi: "Sindinafe, ndidakalipo."

Chaka chatha kunabwera a Melvin, aphunzitsi a kukoleji, okhala ku Naperi. Amafuna ndakatuloyo ilowe m'buku, ana asukulu aziphunzirapo. A Faida anawapatsa mpando pakhonde n'kuinena yonse, osapuma. A Melvin amalemba, kenako n'kumawerenga maphatikizo ndi zala ngati akusankha nyemba. Anayamikira kuti mizere ikuthera mofanana, kugunda kwake kunayi kunayi, osaphonya. Koma kubwerezako ati kwachuluka, malo ndi tsamba limodzi basi. Adula ndime zinayi, zitsale zitatu.

A Faida anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi.

"Ndime yachinayi ndi ya Sumayyah. Anafera momwemo ndi chifuwa. Atapita, yakeyo timanena tonse pamodzi, alonda amve kuti tidakali seveni. Ndiye mudula ndani, aphunzitsi? Lozani."

A Melvin anati iwo sakudula munthu, akudula mawu, avuta ndi osindikiza. Anawakumbutsanso mwaulemu kuti mwa seveni aja otsala ndi iwo okha, ndipo ndakatulo ikapanda kulowa m'buku, tsiku lawo likadzakwana idzapita nawo kumanda. Apo sananame ayi. A Faida anapotokola nsonga ya chitenje.

"Ipite nane yamphumphu. Anatilephera a zibonga, ndiye mutimalize inu a bolopeni?"

Anatambasula dzanja, a Melvin n'kupereka pepala amalembapo lija. A Faida analipinda kanayi, n'kuliika m'bulauzi. Mlendo ndi mlendo, anamwa tiyi wake, a Faida anamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumuimitsira minibasi ya Limbe.

Buku linatuluka lopanda ndakatuloyo. A Faida sanafunse n'komwe mtengo wake.