Gawo Lomaliza Linali ku Saluni

Anzanga, siyani kaye zomwe mukuchita. Ndikulengeza mwaulemu wonse kuti banja lathu lamaliza kuwerenga buku. Wakupha uja anali dokotala. Mafunso pambuyo.

Ndiyambe ndi Magalasi, poti ndiye anatichedwetsa.

Tinakumana m'basi. Ine maso pa buku, iye maso pa ine.

"Pepani achemwali, bukulo linachita ngozi?"

Sanalakwe kufunsa. Ndinagwira chidutswa chopanda chikuto, chomatidwa tepi ya buluu kumsana.

Kwathu timawerenga chonchi: bambo akagula buku lonenepa, amalidula patatu ndi mpeni wa buledi. Akamaliza gawo loyamba amapatsira mayi, mayi amapatsira ine, ine mng'ono wanga. Palibe wodikira mnzake mpaka kumera imvi. Woulula mathero amatsuka mbale sabata yonse.

Nditamufotokozera anaseka mpaka kuvula magalasi. "That's genius," anatero. Ine ndi digiri yanga yonseyi ndinasungunuka ngati majarini pachiwaya.

Chikondi chinaphuka. Tsiku lomwe anabwera kwathu, bambo anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi.

"Mumawerenga, achimwene?"

"Kwambiri, bambo."

"Mumanyambita chala potembenuza tsamba?"

"Ayi."

"Khalani pansi."

Sipanatenge nthawi, anamuika pamzere, pakati pa bambo ndi mayi! Mumvetse kukula kwa nkhaniyi: amuna awo a achemwali anga ali ndi ana awiri m'banja muno, koma mpaka lero sanagwireko ngakhale chikuto.

Kenako linabwera buku la wakupha lija. Gawo loyamba linadutsa bwinobwino. Lachiwiri linatsimphina koma linafika. Lachitatu linalowa kwa Magalasi n'kusowa ngati chivindikiro cha cholembera.

Mayi anayamba kuonda ndi chidwi. Bambo, odziwa kale mathero, ankangoyendayenda m'nyumba akuimba mluzu.

"Iwe, mnzako uja akuwerenga kapena akuloweza?"

"Ali busy kuntchito, mayi."

"Busy? Ine nonsenu ndinakuyamwitsani buku lili kumanja!"

Ndikamufunsa mwini wake, yankho linali lomwelo: "Babe, relax, ndatsala pang'ono..."

Loweruka lina ndinapita ku saluni. Pafupi nane, pansi pa chowumitsira tsitsi, panakhala mtsikana wa nsidze zojambula bwino, atagwira chidutswa cha buku. Tepi ya buluu. Pakona pa tsamba, chidindo cha kapu ya tiyi ya bambo anga.



"Asisi," ndinatero mofatsa, "bukulo mwalitenga kuti?"

"Ndi la bae wanga. Akuti kwawo amatero, bambo ake amadula ndi mpeni wa buledi. So cute, eti?"

Anzanga, kundizembera ndikanamvetsa, zimachitika. Koma kundibera ndi bambo anga omwe?

Ndinamuonetsa chithunzi cha Magalasi pa foni. Anazimitsa yekha chowumitsiracho. Wokonza tsitsi ananamizira kufunafuna chipeso. Kenako Nsidze anapumira m'mwamba.

"Ndiye chiyambi chake chili kwanu? Ine wangondipatsa chomalizachi. Anthu akungofa, sindikuwadziwa n'komwe."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sinali yonse ya kuseka.

Tinamuimbira Magalasi video call, mitu iwiri yodzaza marola pa sikirini imodzi.

"Babe!" tinatero pamodzi.

Netiweki yake inamwalira mwadzidzidzi. Mpaka lero sinadzuke.

Ndinalowa m'nyumba nditakweza gawo lachitatu m'mwamba ngati chikho cha mpira. Mayi anasiya poto pamoto, n'kukhala pakhomo pa khitchini pomwepo, tsamba loyamba latsegulidwa kale. Anandimvera nkhani yonse ndi khutu limodzi. Bambo anaitanitsa msonkhano wa banja.

"Mnyamata uja wachotsedwa pamzere. Pali malo."

Alamu anga anakhosomola mwachiyembekezo. Mng'ono wanga anawadula: "Bwanji Nsidze uja?"

"Amabweza?" anafunsa mayi osadzutsa mutu.

"Wabweza lero lomwe, asanamalize n'komwe."

"Abwere Lamlungu."

Ndipo anabweradi. Amawerenga msanga, sapinda masamba, amabweranso ndi tepi yakeyake. Alamu anga akadali kudikira.

Ndiye tapambana, anzanga. Buku labwerera, wakuba wathawa, ndapezanso mnzanga woseka naye. Phunziro ndi lakuti munthu muzimuyesa kaye ndi nyuzipepala.

Bambo adula kale buku lina. Gawo langa likafika ndimalowa nalo kuchipinda, n'kulitsegula. Maso amayenda, mawu salowa. Ndimalisunga masiku angapo, kenako ndimapatsira mng'ono wanga.

Dzulo anandifunsa ngati ndikulikonda. Ndinati ndi labwino kwambiri.

Sindikudziwa dzina la munthu ngakhale mmodzi m'menemo.