Khosi la Mphika wa Ishbel

Tsiku limene bambo Geddes ananunkhiza tambula ija n'kuibweza osalawa, Ishbel anadziwa kuti wagwetsa ntchito ya bambo ake.

"Mwanawe, madzi osambitsira khanda awa ndiwo ukuti wisiki?" anatero mkuluyo, yemwe ankagula mowa wa banjali kuyambira kale. "Wa bambo ako a Torquil unkamata kukhosi. Wautani?"

Mlandu unali mphika wotchezera. Wakale uja, wamkuwa, unali wonenepa, wakhosi lalifupi. Utaperepeseka, bambo ake ali chigonere anamuuza kuti, "Ukawauze osula akope momwemo, ndi potiwizika pomwe."

Ishbel anaona ngati ndi mwambo wa okalamba chabe. Anaitanitsa wakhosi lalitali, wosalala, wokongola. Sanadziwe kuti m'khosi lalitali nthunzi yolemera imatopa, n'kubwerera pansi. Imadutsa yopepuka yokha. Mafuta onse a chimera, amene amapatsa mowa thupi, ankatsalira mumphika.

Choipa cha wisiki, sakuuza msanga kuti walakwa. Amayamba wagona zaka m'migolo. Pamene Ishbel ankazindikira, migolo inali itadzaza nyumba, mphika wakale atausungunula kale, ogula akuthawa. Anthu a pachilumba chakwawo ankayembekeza tsiku loti atseke ntchitoyo.

Kulira analira, koma ana amadya misozi? Wina mphika sakanatha kuugula. Anapempha wosula kuti aweramitse mpope wotuluka pamwamba, nthunzi ikangofika isabwererenso. Anakoleza moto kwambiri kuti yolemera ikankhike. Madontho akumapeto, onunkha mwamphamvu, anayamba kuwalola pang'ono, akununkhiza mpaka mphuno kufa. Zambiri zinatayika. Mwana wake kusukulu, iye pamphika, chaka ndi chaka.

Bambo ake sanadikire. Anamwalira migolo yatsopano isanakhwime, akudziwa wisiki wolakwika uja yekha.

Itakhwima, Geddes anabwera monyinyirika. Ananunkhiza, n'kulawa.

"Si wa Torquil uyu."

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndati si wa Torquil, sindinati ndi woipa. Ukusunga migolo ingati, kamtsikana kosamva iwe?"

Lero Ishbel walemba antchito, mowa wake ukuwoloka nyanja. Koma kukoma kwa mphika wakale kunapita, ndipo sadzakubweza. Amadziwa yekha.

Inu amene munaphwanya chinthu ndi manja anu, sindikunamizani kuti chidzabwerera mwakale. Zina zikapita zapita. Koma chotsalacho chikadali m'manja mwanu. Pukutani misozi, musataye mtima, kolezaninso moto.