Chimanga cha a Dainess ndi Alendo a ku Amereka

Komiti yolandira alendo inalengeza mwaulemu wonse kuti kukubwera anthu ochokera mumzinda wina wa m'mphepete mwa mtsinje ku Amereka, kudzaona malo a mbiri yakale kuno ku Mbombwe. Choncho chilichonse chotchinga maso a alendowo chichotsedwe, ndipo chitukuko chibwera pambuyo pawo.

Chimene chinkatchinga maso chinali chimanga cha a Dainess Mukhito. Mayi amasiyewa anakulira pamunda womwewo, umene makolo awo anaswa mphanje atachoka ku Mozambiki. Kumapeto kwake kuli bwinja la njerwa, pomwe iwo ankamangirirapo mbuzi, osadziwa kuti ndi mbiri. Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chitangotulutsa ndevu, pakhomo pali adzukulu anayi ndi nkhokwe yopanda kanthu.

Anakagwada kwa a Frackson, wapampando wa komitiyo. "Achimwene, dikirani chikhwime. Anthuwo kwawo sanaonepo njerwa?"

"Mayi, izi n'za dziko," anayankha a Frackson. "Alendo angajambule bwanji chithunzi m'mapesi?"

"Nanga anawa adya chithunzicho?"

M'mawa mwake a Dainess anayenda wapansi mpaka ku Boma kukadandaula kwa mlembi wa komitiyo, koma anauzidwa kuti bwana ali ku msonkhano wokonzekera alendo omwewo. Pobwerera anapeza amuna a zikwanje atagwetsa theka la munda. Anatola mapesi aawisiwo n'kupatsa adzukulu kuti azitafuna ngati misale.

Alendowo anafika mu Julaye, anthu onse atakolola.