Mahatchi a Amuna Anga

Ife a ku Mchinji si anthu a pamadzi. Timadziwa fodya, mtedza ndi ngolo. Ndiye amuna anga atabwera kuchokera ku Zambia atamanga injini ya boti pakaliyala wa njinga, ine ndinangogwira pakamwa. Zinali zaka zija za matipate, aliyense ali kalikiliki ndi geni, ndipo iwo anati yawo aipeza pamtsinje wa Bua. M'dzinja mtsinjewo umadzaza mpaka kusefukira m'dambo, ndipo anthu a kutsidya ankavutika kubwera kumsika ndi kuchipatala. Amuna anga anakhometsa kaboti kwa kalipentala wa m'mudzi mwathu, munthu wozolowera zitseko ndi mipando, n'kumangirira injiniyo pathabwa la kumbuyo.

Injiniyo inali yaing'ono. Madzi akakwiya inkangolira ngati udzudzu, boti likukokedwa ndi mtsinje, anthu kumtunda ali chikhakhali. Amuna angawo kusekedwa sankakufuna m'pang'ono pomwe. Anapita nayo ku Boma kwa makaniko wina wa njinga zamoto, amene anawauza kuti mphamvu ya injini amaiwerenga m'mahatchi, ndipo mahatchiwo amatheka kuwonjezera. Makanikoyo anachotsa kabuleta, uja wopatsa injini mafuta, n'kuikapo wamkulu wochokera m'injini ina yakufa. Anasinthanso pulopela yopalasa madzi ija.

Atabwera nayo ndinawafunsa kuti, “Injini mwaiwonjezera mphamvu, nanga botilo mwaliwonjezera chiyani?”

“Mayi, ngolo ukaiwonjezera ng'ombe imakana?” anatero.

“Siikana, koma goli limathyoka.”

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Tsiku loiyesa, padoko panadzaza anthu. Atangoiliza, ana anathawira m'bango. Sikunalinso kulira kwa udzudzu kuja, kunali kubangula, ndipo thabwa la kumbuyo linkanjenjemera poyera aliyense akuona. Amuna anga anaitana anthu kuti akwere ulere, koma palibe anasuntha phazi. Kwathu kuno wofulula mowa ndiye amayamba kumwa chipanda choyamba, kuti anthu aone kuti mulibe kanthu. Iwo anakumbukira zimenezo. Anatembenukira kwa ine, mwana wathu wamkazi woyamwa ali kumsana kwanga.

“Kwerani, mayi. Anthu aone kuti munthu sangaike banja lake pangozi.”

Kusambira sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa. Koma kukana pamaso pa mudzi wonse kukanakhala kulengeza kuti amuna anga ndi wakupha. Mayi wina wachikulire wogulitsa nthochi anandigwira mkono.

“Mwanayo mum'masule, mum'gwire m'manja. Likagubuduka, kumsanako ndiye ayamba kumira.”

Mnzawo wa pambali anati, “Ayi, inu! M'manja am'taya. Mangitsani chitenjecho.”

Onse awiri ankanena zoona, ndipo ine ndinakwera ndisanasankhe. Ndinakhala pansi pakati pa boti, mfundo ya chitenje ndili chigwirire pachifuwa.

Poyamba tinayenda bwinobwino. Titafika pakati, pamene madzi ofiira amathamanga atasenza zinyalala ndi mapesi, boti linayamba kukokedwa monga kale. Ndinamva amuna anga akuti, “Tsopano muone!” n'kupotokola chogwirira cha injini mpaka kumapeto.

Mutu wa boti unadzuka. Tsidya lija linasowa, ndinangoona mitambo. Ndinatsetserekera chagada kumbuyo, ndipo ndinapinda msana msangamsanga kuti ndisam'psinje mwana. Kenaka ndinamva thabwa likuti phwa! Misomali ya kalipentala uja inazuka, mbali imodzi ya thabwalo inatseguka, madzi n'kuyamba kulowa. Injini inapendekeka koma sinazime, moti boti linayamba kuzungulira pamodzimodzi.

“Zimitsani! Abambo, zimitsani!” ndinakuwa.

“Ikukana! Khalani pansi!”

Madzi anandifika m'chiuno ndili chikhalire. Ndinamva timiyendo ta mwana tikupalasa m'nthiti mwanga, akulira mokuwa, ndipo ndinadziwa kuti madzi amupeza. Ndinati ndimasule, koma boti linkandigwedeza moti manja onse awiri ankafunika pogwira m'mphepete. Ndikasiya dzanja limodzi, ndigwera m'mtsinje naye limodzi. Ndikapanda kusiya, amirira kumsana kwanga komweko ine osamuona. Sindinachitepo mantha otere. Pemphero lililonse linandithawa, ndinkangoti Yesu, Yesu.

Boti linapendekekanso, funde n'kundimenya mpaka m'mapewa. Pamenepo mwana anasiya kulira.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinagwada, n'kuweramira kutsogolo mpaka chibwano chinakhudza madzi, kuti msana wanga ukhale pamwamba. Madzi ankandilowa m'kamwa ndi m'mphuno. Ndinkamvetsera kumsanako ngati pali kupuma, koma injini inkagonthetsa m'khutu. Mwadzidzidzi inatsamwa n'kuzima, ndipo mtsinje unatikankhira m'bango la kutsidya, chakumunsi ndithu.

Ndinatsika, madzi ali m'chifuwa, ndikukoka bango ndi manja, mapazi akutitimira m'matope. Nditafika pouma, mfundo inakana. Chitenje chonyowa sichimasuka wamba, ndipo zala zanga zinali zitauma gwa. Ndinaluma ndi mano, ndikuitana mwanayo, iye osayankha. Anthu a kutsidyako anathamangira kumene ndinali, ndipo mayi wina amene sindinkamudziwa anam'solola kumsana kwanga. Mutu unali lende, milomo itatuwa. Anam'zondotsa n'kumumenya pamsana, kumenyanso, ine ndili chigwadire, maso ali pa timanja take tolendewera. Mwana anasanza madzi ofiira, anatsokomola, kenaka analira kamawu kosasa. Ndinam'landa n'kumuika kubere.

M'pamene ndinakumbukira kuti ndinali ndi mwamuna m'botimo. Ndinatembenuka, ndikuti mwina apita ndi madzi.

Anali moyo. Ankatuluka m'bango pang'onopang'ono, akuponda mosamala, injini ataisenza paphewa ndi manja awiri kuti isakhudzenso madzi. Atafika pamene tinali anaima, akupuma movutika.

“Mwana ali bwanji?” anafunsa.

Ndinadikira kuti aitule kaye pansi ndisanawayankhe. Sanaitule.