Yunifolomu ya Anapiye a Keziya

Mukafika ku Lupembe n'kufunsa za Brighton Mwakasungula, anthu angoyang'anana. Nenani kuti "a Jivi", ngakhale wakabaza akakutulani pakhomo penipeni.

Bamboyu anagwirako ntchito ku mgodi wa Kayelekera. Mwini wake amati anali "wa sefite", koma amene anali naye komweko amati ankakweza ndi kutsitsa mtengo wotchinga pageti basi. Ntchito itaima anabwerako ndi chipewa cholimba chachikasu, nsapato zachitsulo kutsogolo, ndi mawu akuti "ku mayini sitinkatero", amene amawathira paliponse ngati mchere. Chinangwa amalima ndithu, kungoti khasu lake limakonda mthunzi.

Mkazi wake Keziya anali ndi thadzi la kameta, nkhuku zija za khosi lopanda nthenga. Mbewu yake inachokera kwa malemu mayi ake ku Iponga, ndipo chitopa chitasesa makola, linatsala lokhalo. Litangoswa anapiye, Keziya anaitanidwa kwawo kukathandiza kukolola mpunga.

"Awiske Ireen," anatero kwa mwamuna wake, bambo a mwana wawo Ireen, atasenza kale chikwama, "nyumba ikafuna kupsa ipse. Koma kameta wa amama ndimupeze."

Sanafike n'komwe ku Iponga, njinga yamoto inaligunda thadzilo pamsewu. Brighton anagwira m'mutu, anadandaula, kenako anatereka madzi. Paja nyama ya ngozi sitaya. Atamaliza kunyambita zala m'pamene anamva anapiye akulira kuseri kwa nkhokwe, n'kuzindikira kuti kameta yense wa apongozi ake tsopano ndi tinthu timeneti.

Iyenso anali ndi thadzi lake, lakuda, lolusa, lotchedwa Kapitawo. Linali litafungatira mazira, koma onse anasukuluka kupatula limodzi, ndiye linkayenda monyada ndi kamwanapiye kamodzi kakuda. Brighton anati zaphweka. Anatola amasiye aja n'kuwakhuthulira pamaso pa Kapitawo. Kapitawo sanafunse kalata. Anajompha mmodzi pamutu, pomwepo n'kuuma gwa.

Otsalawo anawaika m'chipewa chija, pansi atayala sokosi. Mwera unali utayamba kuwomba. Anapiye anasiya kudya, anangounjikana, mapiko ali lende.

Modesta, nesi wa ku Thyolo amene amachita lendi nyumba yoyandikana nayo, anasuzumira pampanda.

"Achimwene, chipewa chija chalembedwanso ntchito?"

"Musaseke, a nesi. Awa akafa, ine ndisamukira kwanu."

"Kwanga ayi. Ndinamva fungo la nkhuku dzulo, simunandigawire."

Brighton anayesanso, maso ali pa mlomo wa Kapitawo. Anaona kuti thadzilo likuthamangitsa otuwa okhaokha, kakuda kaja likukasiya. Apa mutu wa ku mayini unagwira ntchito, mwina koyamba. Pageti paja iye sankayang'ana nkhope. Wovala ovololo ankadutsa, kaya ndi wa ku Chitipa kaya ndi Mtaifa. Wopanda ovololo ankabwerera.

"A nesi, muli ndi jivi?"

Jivi ndi mankhwala aja a zilonda, a mtundu wa pepo. Kuno ena amapaka anapiye kuti kabawi asawazindikire. Modesta anali ndi kabotolo kake m'nyumba.

"Kabawi wake ali kuti?"

"Kabawi ndi uyu ndamuweta ndekhayu. Onse avale yunifolomu."

Anawapaka mmodzimmodzi ndi nthenga, msana, mutu, mpaka timakosi tosalalato. Kenako anagwira kamwana ka Kapitawo, thadzilo likumujompha m'manja mpaka magazi, n'kukapaka nakonso mowirikiza. Anawasiya onse pamodzi pakona pa khola.

Kapitawo anafika atafufuma, n'kuima. Anapendeka mutu uku, anapendeka uku. Onse pepo. Anatambasula khosi kuti ajomphe kamene kanali pafupi, kamwanapiyeko kanalira, ndipo liwu linali la mwana wake. Anabweza mlomo. Kamwanako kanathamangira kunsi kwa phiko, amasiye aja n'kulowa pambuyo pake ngati antchito pa basi ya kampani. Kapitawo anasuzumira kunsi kwake, anang'ung'udza, kenako anakhala pansi.

Keziya anabwera ndi thumba la mpunga. Anapeza thadzi lakuda likupalasa, pambuyo pake tinthu ta pepo tikutolatola. Anagwira kamodzi, anakasisita pakhosi, anapeza mposalala. Anakabweza pansi bwinobwino.

"Make ali kuti?"

"Anyina Ireen," anatero Brighton kwa mkazi wake, "inali ngozi ya pamsewu."

"Munamukwirira pati?"

Brighton anayang'ana kumwamba. Modesta kuseri kwa mpanda anatsokomola.

"M'manjamo mwatani?"

"Ndi sefite."

Keziya sanakalipe. Anangophika chigwada chopanda mafuta mpaka anapiye aja atamera nthenga, ndipo Brighton ankadya osatchula za ku mayini. Jivi naye anakana kuchoka. Lamulungu Brighton anapita kutchalitchi manja ali pepo, anthu n'kumamupatsa moni wapatali, dzina n'kumera pomwepo.

Lero kameta ali mbwee pakhomopo, ndipo Keziya wagawirako abale ake ku Iponga. A Jivi amauza aliyense kuti mbewuyo anaipulumutsa ndi iwo. Keziya satsutsa. Koma akamachoka, nkhuku amasiyira Modesta.