Bambo Amene Anadya Chakudya cha Mwana

A Katayi anakulira pa ntchito yoperekera zakudya mu hotela. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo chifukwa cha katayi kakuda konga gulugufe kamene ankamanga pakhosi popita ku ntchito, kaya kunja kutenthe chotani. Analowa ntchitoyi alibe ndevu, akupukuta matambula kukhitchini, ndipo imvi zitayamba kusuzumira anali atafika ponyamula mbale zodzaza mkono wonse osadontheza msuzi.

Ntchitoyo inawalowa m'magazi. Woperekera zakudya weniweni, ankatero iwo, amaika mbale n'kubwerera m'mbuyo, n'kuima chapatali manja kumbuyo. Sakhala pansi mlendo akudya. Satafuna kanthu mlendo akuona, ngakhale njala imupotokole m'mimba. Sakakamiza, satsutsa, ndipo mlendo akangokankha mbale iye amaichotsa asanauzidwe. Eni akewo ankadya choimirira kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, mofulumira ngati akuba, ndipo khalidweli analitengera kunyumba. Akazi awo anawauza kuti mpando suluma mpaka anatopa nawo.

Anakwatira mochedwa, mwananso anabwera mochedwa, wamkazi, mmodzi yekhayo. Bambo ake ankamutcha Kadona. Ankamukonda mwana ameneyu moti akangotsokomola pang'ono iwo ankasiya chilichonse chimene agwira. Kadona atasiya kuyamwa, akuyenda chopepesuka, mayi ake anapeza malo kusukulu ya unamwino, kutali, kwa miyezi ingapo. Apongozi a Katayi, mayi wamphamvu amene analera ana ake ndi a eni osawerengeka, ananena msanga kuti mwanayo abwere kwawo.

A Katayi, amene sankatsutsa munthu, tsiku limenelo anatukula chifuwa. Tchuthi chawo chinali chitaunjikana zaka zambiri osachitenga, ndiye anati achitenga chonse.

"Amayi, ine ndadyetsa mabwana, ndadyetsa maukwati athunthu. Ndingalephere kamunthu kamodzi koti mano ake sanakwane n'komwe?"

Apongoziwo anangoti, "Chabwino bambo, tiona," n'kunyamula chikwama chawo.

Tinene zoona, mwamunayu kuphika ankatha, ndipo zakudya za mwana anazitenga ngati mayeso. M'mawa ankaphika phala losalala bwino n'kuswera dzira. Chakumasana ankaponda mbatata ndi peyala, pambali n'kuika kaloti wowiritsa woduladula tating'ono toti mwana angatole ndi zala. Tsiku lina mpunga wofewa ndi nyemba zoponda ndi masamba osinja, tsiku lina nsomba yochotsa minga imodziimodzi mpaka maso kuwawa. Pakati pa zimenezi ankakonza nthochi, papaya ndi kapu ya mkaka. Mchere ankangothira wa dzina, shuga ayi. Mbale imodzi inkakhala ndi chopatsa mphamvu, chokulitsa thupi ndi choteteza ku matenda, zoyalidwa mokongola moti munthu ukanachita manyazi kuzisokoneza.

Anapangitsa kampando kakatali kwa kalipentala. Ankayala nsalu yoyera pathebulo, kumukhazika Kadona pakampandopo, kumumanga kansalu pakhosi, kuika mbale ndi kasupuni kumanja kwake, kenaka n'kubwerera m'mbuyo. Ankaima njo pafupi ndi kabati, manja kumbuyo, maso pa mwana.

Kadona ankayang'ana mbale, n'kuyang'ana bambo ake, n'kuyang'ananso mbale. Ankaviika chala mu mbatata, n'kujambula nacho pa nsalu yoyera ija. Akatero ankanena liwu limodzi limene ankalitchula bwino kuposa onse.

"Toto."

Akakankha mbale ndi kadzanja kake, a Katayi ankakhala atafika kale. Mbale inkachoka pathebulo mwana asanabweze n'komwe dzanja. Iwo ankalowa nayo kukhitchini, n'kutseka chitseko, n'kuyamba kulingalira chimene mlendoyu sanakonde. Kapena peyala silinapse bwino. Kapena kaloti analimba. Ankaphika china, nachonso chinkabwerera. M'nyumba monse munkanunkhira zakudya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, koma mwana ankakhalira mkaka ndi tizidutswa ta buledi timene ankatola pansi bambo ake akatembenuka.

Tsiku la sikelo linafika. A Katayi anakhala pa benchi pakati pa amayi, mwamuna yekhayekha, malaya ositidwa mpaka m'makona. Anesi anamuyeza Kadona, n'kuyang'ana khadi, n'kuwayang'ana iwo pamwamba pa magalasi.

"Bambo, mwanayu sanakwere. Watsika pang'ono. Mukumupatsa chiyani?"

Funso limeneli linawawawa kuposa mbama. Anayamba kutchula zonse, dzira, nyemba, peyala, nsomba, ndi kaphikidwe kake komwe, mpaka amayi a pa benchi anayamba kumezera malovu. Anesi anagwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo ndiye zoyenera ndithu, apitirize, asamukakamize, azimupatsa pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Mzere unali wautali ndipo panalibe amene anafunsa kuti mwanayo amadya ndi yani. A Katayi anatuluka atapambana mayeso onse, atanyamula mwana wopepuka.

Nkhani ya sikelo siinachedwe kufika kwa apongozi, chifukwa a Katayi anauza akazi awo pa foni, ndipo akazi awowo analira n'kuimbira mayi awo. Foni ya apongozi inali yaifupi.

"Bambo, ine sindikangana nanu. Sikelo ikubwerayi akapanda kukwera, ndikubwera kudzamutenga tsiku lomwelo. Mdzukulu wanga si woyeserera ntchito."

"Ndamva, Amayi."

Apa mantha anawagwira enieni. Nyumba yopanda akazi awo anali ataizolowera movutikira, koma nyumba yopanda Kadona sankatha kuiganizira n'komwe. Ndiye anachita chimene munthu wa ntchito yawo amachita mlendo akadandaula: anawonjezera ulemu. Anagula mbale yojambulidwa kabakha pansi. Anadula papaya ngati tinyenyezi. Anaumba mbatata ngati kanyumba, zenera la kaloti, denga la masamba. Anasiya kutsegula wailesi nthawi ya chakudya kuti mwana asasokonezeke, n'kumatseka zenera kuti asamve ana anzake akusewera panja. M'chipindamo munkakhala zii, kamwana kokhakokha pamwamba pa kampando, patsogolo pake mbale, chapatali munthu wamkulu ali chiimire akukayang'ana. Ngakhale inu mukanameza?

Nthawi zina Kadona ankatola nyenyezi imodzi n'kutambasula dzanja kuloza bambo ake. Iwo ankamwetulira n'kupukusa mutu mwaulemu.

"Ayi, mayi, n'zanu zimenezo. Idyani."

Mwanayo ankaiponya pansi.

Woyandikana nawo nyumba, mayi wogulitsa zovala pamsika, anawalangiza kuti azimutsina mphuno, pakamwa pakatseguka n'kulowetsa supuni. A Katayi anakana. Kukakamiza munthu kudya? Mnzawo wa kuntchito anati amugulire mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera, bola m'mimba mulowe kanthu. Izinso anakana, ndipo apa ndiye anakana bwino. Anabwerera kukhitchini kwawo n'kupitiriza kuponda, kusefa ndi kuumba, uku iwo eni akuonda limodzi ndi mwana.

Sikelo yachiwiri inanena zomwe zija. Kadona sanatsike koma sanakwerenso. A Katayi sankadziwa kunama, ndiye anaimba foni ali pakhomo pa chipatala pomwepo. Apongozi anati akukwera minibasi, afika masana.

A Katayi atafika kunyumba analongedza tizovala ta mwana m'chikwama, akupinda kalikonse ngati nsalu za pathebulo la alendo olemekezeka. Atatha anati mwana asachoke ndi njala m'nyumba ya bambo ake. Mphamvu zoumba tinyumba zinali zitawathera. Anangoponda mbatata ndi nyemba, kuthira timasamba, kudula dzira lowiritsa pamwamba, nthochi pambali. Anamukhazika, anaika mbale, anabwerera m'mbuyo.

"Toto."

Anachotsa mbale monga mwa masiku onse, koma kukhitchini sanafikeko. Anabwerera pakati pa njira. Anamutsitsa mwana pakampando, iwo n'kukhala pansi penipeni, pa simenti, msana atatsamira kabati, mbale ili pamiyendo. Chikwama chinali pakhomo chikuwayang'ana. Kuyambira m'mawa anali asanalawe kanthu, ndipo mutu uli kwina, dzanja linapita lokha m'mbale. Anatapa mbatata ndi zala n'kuika m'kamwa. Anatapanso. Misozi inali ikutsikira m'mbale momwemo, iwo osadziwa n'komwe kuti akutafuna.

Kadona anasiya chidole chimene ankakoka. M'moyo wake wonse anali asanaonepo pakamwa pa bambo ake pakuyenda chonchi. Anabwera chopepesuka, n'kuima pakati pa miyendo yawo, n'kusuzumira m'kamwamo ngati muli chinthu chake chimene chabedwa.

"Patse!"

Sanadikire yankho. Anapisa dzanja lonse m'mbale, n'kutulutsa chibakera cha mbatata, theka m'kamwa, theka pa tsaya. Anatola dzira. A Katayi anauma thupi lonse, kuopa kuti akagwedezeka zonse zitha. Mwanayo ataona kuti asiya kutafuna, nayenso anasiya, n'kuwayang'ana. Iwo anatapa pang'ono n'kudya. Iye anatapa kwambiri n'kudya. Anatapanso, iye n'kuwakankha dzanja kuti asamalize. Apa m'pamene zinawalowa m'mutu, zonse nthawi imodzi, ndipo anaseka ndi misozi yomwe, pakamwa podzaza. Miyezi yonseyi mwana ankadikira munthu woti adye naye, iwo ali njo pa kabati kudikira kuti adye yekha.

Chitseko chinali chotsegula, ndipo apongozi saodira kawiri pakhomo pa mwana wawo. Chimene anaona polowa n'chakuti bambo wamkulu, wa imvi zake, wakhala pansi ndi mbale ya kabakha pamiyendo, masaya otupa ndi chakudya, dzira lili pa ndevu, kamwana koonda kakulimbana ndi dzanja lake kuti kapezeko kanthu.

Anaika manja m'chiuno.

"Ooh! Kani nkhani yake ndi imeneyi? Ife kumadabwa kuti mwana sakukwera bwanji, chonsecho chakudya chake chili ndi mwini wake!"

A Katayi anayesa kuyankha koma m'kamwa munali mbatata. Pamene amameza n'kuti apongozi atamunyamula kale mwana, akumupukuta kumaso ndi mpango wawo.

"Amayi, sizili choncho. Wangoyamba kumene. Amafuna kuti tizidya naye..."

"Kudya naye ndaona ndi maso angawa, bambo. Mwadya naye mpaka mbale yayera. Tengani chikwamacho mutiperekeze."

Akanatha kukana. Mwana anali wawo, nyumba inali yawo, ndipo tsopano ankadziwa chochita. Koma anali atavomera okha pa foni kuti akapanda kukwera apite, ndipo khadi linali m'chikwama likuvomereza apongozi. Anayang'ana timikono ta Kadona, n'kuganiza za nyumba ya apongoziwo, mmene zidzukulu zimadyera pamodzi mokanganirana, palibe woima chapatali. Kumeneko mwanayu akadya ndithu. Akanenepa, ulemu wonse udzapita kwa agogo ake, ndipo iwo adzatchuka pa chibale chonse ndi mbiri imene aiona ikubadwa pakhomo pawo. Zonsezi anaziona bwinobwino, ndipo zinawapweteka kwambiri. Anatsuka m'manja, anatenga nthochi ija n'kumupatsa mwana, n'kunyamula chikwama.

Pa siteji minibasi inali itatsala pang'ono kudzaza. Apongozi anakhala pawindo, Kadona pamiyendo pawo, ndipo asanakhazikike n'komwe anali atayamba kale kufotokozera mayi amene anakhala naye pafupi. Mayiyo anasuzumira panja kuti amuone bwino bamboyo. A Katayi anaima pafupi ndi windo osadziwa poika manja.

Injini italira, Kadona anazindikira kuti bambo ake sakukwera. Sanalire. Anayang'ana nthochi imene inali itafinyika m'dzanja lake, analumako pang'ono, kenaka anatulutsa dzanjalo pawindo mpaka linagunda milomo yawo.

"Ababa, aam."

Anthu onse a mbali imeneyo anali akuyang'ana. A Katayi anatsegula pakamwa n'kulandira, anatafuna pang'onopang'ono kuti mwanayo aone bwino, ndipo iye analumanso mbali yake.

"Mwaonatu?" anatero apongozi, akutembenukira anthu a m'minibasi. "Ngakhale ya pa ulendo."

Minibasi inanyamuka iwo akutafunabe.