Mkaka pa Makolala Oyera

Pa fakitale yosoka malaya a ana asukulu panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake. Zaka zisanu ndi ziwiri akusoka makolala okhaokha, anthu anangomutcha Nakolala, iyenso n'kumavomera. Makina ake anali achitatu kuchokera pazenera. Mitolo ya nsalu zodula kale inkabwera cha kumanzere. Akasoka ankapereka kumanja, kwa mayi wamtali wa pakamwa posatseka, wolumikiza makolala ku malaya, amene onse ankati Achemwali. Ntchito ya pamzere ndi yotero: mmodzi akaima, otsatira onse amangoyang'ana singano.

Atabereka, anabwerera kuntchito mwana ali ndi miyezi itatu. Mwanayo ankatsala ndi apongozi ake a Nakolala, poti bambo wake ndi dalaivala wa lole, pakhomo amafika ngati mlendo. Mkaka wa m'chitini anauyesapo kawiri. Kawiri konseko mwana anasanza, thupi lonse n'kutuluka zidzolo. Anamwino kuchipatala sanapite m'mbali: wa m'mawere basi, ndipo muzifinya pa nthawi yake, mukamadumphitsa uuma.

Ndiye Nakolala anadzikonzera njira yake. Ankafika belu lisanalire, n'kusoka mwaliwiro mpaka Achemwali atakhala ndi mulu wowakwanira theka la ola. Ikakwana teni koloko ankanyamula kachikwama kake n'kulowa m'chipinda chosungiramo mipukutu ya nsalu. M'menemo munali mpando wopanda chotsamira ndi fungo la nsalu yatsopano. Ankakhala moyang'ana khoma, kapampu ka pamanja kali fwii, fwii, mpaka botolo litadzaza. Thuu koloko chimodzimodzi. Mabotolowo ankawapanikiza m'kachikwama pakati pa mabotolo a madzi oundana. Mkaka wa lero ndiwo unali chakudya cha mwana mawa.

"Ng'ombe yathu ikupita kokamidwa," ankatero Achemwali akamuona akudzuka.

"Ng'ombe yomweyi ndi imene ikukudyetsani makolala, Achemwali. Muziilemekeza."

Miyezi iwiri zinayenda choncho, mzere osaima ndi tsiku limodzi lomwe. Kenaka kunabwera kapitawo watsopano, bambo woonda woyenda ndi makiyi m'chiuno. Sabata yoyamba anangoyendayenda, manja kumbuyo. Lachiwiri la sabata yachiwiri, Nakolala anapeza loko wonyezimira pachitseko cha chipinda cha nsalu.

"Akapitawo, chipinda chija chatsekedwa."

"Ndatseka ndine. Nsalu zoyera zija zikadontheredwa mkaka, adzayankha ndani? Kuchimbudzi malo aliko, mayi."

"Chakudya cha mwana wanga ndikakonzere kuchimbudzi?"

"Ana tonse tili nawo. Bwererani pamakina."

Anabwerera, osati poti wamvera, koma poti mulu wa Achemwali unali ukutha. Anatola tizidutswa ta nsalu pansi n'kupisa m'kamisolo. Pofika leveni koloko mawere anali gwa ngati miyala, ululu ukukwera mpaka kukhwapa. Wosoka makolala amawerama kwambiri, poti nsonga ya kolala imafuna diso pafupi. Iye ankawerama, n'kuluma mano, n'kuponda makina. Kuti tizidutswa tija tanyowa kale, bulauzi nayo yanyowa, iye sanadziwe.

Anaona ndi Achemwali.

"Nakolala, makolala awa akuchokera kumvula?"

Anayang'ana. Mtolo wonse unali ndi madontho, ena atayamba kale kuuma n'kusiya mawanga achikasu pansalu yoyera. Chimene chinamubaya mtima si nsaluyo. Mkaka umenewo unali wa mwana wake wa mawa m'mawa, ndipo unali utathera pa makolala a ana a eni.

Anazimitsa makina. Ananyamula mtolo uja ndi kachikwama kake, n'kudutsa pakati pa mizere osayang'ana munthu. Ofesi ya kapitawo inali kachipinda ka magalasi kumapeto kwa holo, komwe ankakhala n'kumaona aliyense. Anamupeza akutakasa tiyi. Sanagogode. Anayala makolala patebulo limodzilimodzi, pamwamba pa mapepala a kapitawoyo.

"Mumaopa kuti mkaka udonthera nsalu. Nayi nsalu yanu."

"Mwaononga katundu wa kampani, mayi!"

"Waononga ndi loko wanu. Miyezi iwiri ndakhala m'chipinda chija, kaoneni ngati muli dontho."

Anakoka mpando wa alendo n'kukhala. Anatulutsa kapampu ndi botolo, n'kudziponyera nsalu paphewa, n'kuyamba kumasula mabatani.

"Mayi! Muno ndi mu ofesi!"

"Ndaona. Muno n'mosesa, muli mpando, muli chitseko. Zimene ndimapempha n'zomwezi. Mukafuna khalani, mukafuna tulukani."

Kapitawo anayang'ana kudenga, anayang'ana tiyi wake. Kapampu katangoti fwii koyamba, anatuluka chafutambuyo, makiyi ali ngwerengwere, n'kugunda phewa pachitseko.

Achemwali analibe chosoka, poti makolala onse anali patebulo paja. Anabwera ndi nsalu yaikulu ya pamakina awo, n'kuitambasula pagalasi ndi manja awiri, msana ku ofesi, nkhope ku holo.

"Amuna inu, maso pa singano! Simunayamwepo?"

Holo yonse inaphulika ndi phwete. Nakolala sanaseke. Thupi linali litauma ndi mkwiyo, ndipo mkaka sufuna munthu wokwiya. Unkangodontha pang'onopang'ono, dzanja likuchita dzanzi. Anatsinzina, n'kuganizira mmene mwana amagwirira chala chake akamayamwa. Pamenepo unamasuka. Botolo silinadzaze, linalekera m'khosi. Anatseka, n'kuliika pakati pa madzi oundana, n'kumanga mabatani ake bwinobwino.

Kapitawo anali atamudikirira panja pa chitseko, foni ili m'manja.

"Ndaimbira abwana aakulu. Akufuna kukuonani mawa teni koloko."

Nakolala ankadziwa za ofesi ya kumwamba ya abwana aakuluwo. Ena anakwerako n'kutsika kudzangotenga zikwama zawo.

"Kawauzeni kuti ndifika hafu pasiti teni. Teni koloko ndi ya mwana." Anayenda mapazi awiri n'kucheuka. "Ndipo thuu koloko ya lero ikubwera. Musankhe nokha, kiyi kapena mpando."

Anakhala pamakina ake, n'kumasula mtolo wina, n'kuponda. Mzere unayambanso kuyenda.

Kiyi kapitawo sanamupatse. Masana onse loko anali pomwepo. Koma thuu koloko itakwana, Nakolala atadzuka ndi kachikwama kake, kapitawo anamuona kudzera pagalasi. Anasonkhanitsa mapepala ake mwakachetechete, n'kutuluka, n'kukaima kumapeto ena a holo, akuyang'anitsitsa makina osokerera mabatani ngati sanawaonepo. Chitseko cha ofesi anachisiya chotsegula.